Foni yanu ndi yamphamvu, koma si DJ wa pa ukwati

Mkwatibwi anali atangoponda pakhomo la holo. Ana operekeza anali pamzere, masitepe awo aja anayeserera milungu itatu akuyenda bwinobwino, azimayi a kuchikazi atayamba kale nthungululu. Kenaka nyimbo inangoti zii, ndipo m'masipika onse awiri munamveka kuitana kwa foni. Mnyamata amene tinamuika pa zoimbira anabalalika. M'malo modula anayankha, ndipo holo yonse, abusa ndi ankhoswe omwe, inamva mawu a munthu akufunsa kuti, "Aise, uli kuti? Ine ndili pa depoti." Ena anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mkwatibwi anangoima chilili, maluwa ali m'manja, osadziwa kuti apitirire kapena abwerere kukayambiranso.

Ukwatiwo unali wa msuweni wanga, kuno ku Mzuzu, ndipo amene anabweretsa maganizo oti tisapeze DJ ndinali ine ndemwe. Ndikuvomera poyera. Pa msonkhano wa komiti ku Chibavi ndinaimirira, foni m'manja, n'kunena modzitama kuti, "Abale anga, zaka zino tizilipira munthu kuti azingodina batani? Nyimbo zonse zili umu." Anthu anawomba m'manja chifukwa ndinali nditawachepetsera chopereka. Masipika tinabwereka kwa mnzathu wina, chingwe tinagula pa msika, ndipo mphwanga wina wa ku koleji anati nyimbo asanja yekha. Nkhani ya zoimbira inatha m'mphindi zisanu. Tinapita pa nkhani ya nkhuku ndi mpunga wa Kilombero, imene tinakangana maola awiri.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuonetsetsa maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi maphwando omaliza maphunziro amene ndimapitako, ndipo maganizo anga anatembenuka. Ngati mwambo wanu uli ndi anthu ochokera mbali ziwiri, muli akuluakulu, muli perekani-perekani, pezani DJ wodziwa ntchito yake ndipo mumulipire. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukuwerenga izi pa foni yomwe ili ndi nyimbo zambiri kuposa zimene wayilesi ingaimbe mwezi wathunthu. Inenso ndili nayo. Koma kukhala ndi nyimbo n'kwina, kudziwa yoti iimbidwe panopa, kwa anthu awa, kwa mphindi zingati, n'kwinanso.

Tiyambe ndi ndalama, popeza ndi pamene makomiti athu amamvera msanga. Pa ukwati wa Chimalawi nyimbo si zokometsera chabe ngati maluwa a patebulo. Nyimbo ndi imene imatulutsa ndalama m'thumba. Aliyense amene anakhalapo pa tebulo la makashiya akudziwa mmene zimayendera. MC aitana akuchimuna, nyimbo iyamba, anthu adzuka, apita kukasinthitsa, ayamba kuponya. Munthu amene wasinthitsa K5,000 kukhala ma K200 ali ndi mapepala 25 m'manja. Saponya onse nthawi imodzi ayi. Amaponya limodzi limodzi motsatira ng'oma, uku akuvina, uku akuyang'ana ngati anzake akumuona. Nyimbo ikaduka ataponya 10, otsala 15 aja amabwerera m'thumba mwakachetechete, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Imeneyo ndi K3,000 ya munthu mmodzi. Ingoyerekezani kuti anthu 100 achita chimodzimodzi, muwerengere nokha ndalama imene yatuluka pakhomo ili m'matumba a alendo. Ndiye muiike pambali pa ndalama ija komiti inati yapulumutsa.

Izi ndi zimene zinatichitikira. MC akaitana gulu, mphwanga uja amayamba kaye kufufuza m'foni, chala chikutsetsereka uku ndi uku, holo ili duu. Anthu amene anali atadzuka amakhalanso pansi. Nyimbo ina imene azakhali anapempha munalibe m'foni, choncho anaifuna pa YouTube, ndipo isanayambe tonse tinamvera kaye malonda a sopo. Itafika pakati, bandulo inatha. Madzulo ake titakhala pansi kuwerenga za m'mabeseni, makashiya anangoyang'anana. Palibe amene ananditchula dzina, koma maso onse amadziwa kumene mawu aja anachokera. Banja latsopano linayamba ndi ngongole ya holo ndi ya okongoletsa, imene tinkayembekezera kuti perekani-perekani aitseka.

DJ wodziwa ntchito sadikira kuti MC amalize kulankhula. Akangomva kuti "tsopano tikuitana anzake a mkwati a ku ntchito", nyimbo yawo amakhala ataitchera kale ndipo akuimvera m'makutu mwake. Imene ikulira isanathe, inzake yalowa kale, liwiro lake atalifananiza kuti mapazi a ovina asasokonezeke. Akaona kuti gulu layaka, amaibwereza pamene pakukoma. Akaona kuti mapepala atha ndipo anthu akungovina ulele, amaitsitsa mwaulemu kuti MC aitane gulu lina. Maso ake sakhala pa laputopu nthawi zonse. Amakhala pa mabeseni, pa mapazi a anthu, ndi pa MC, amene amalankhulana naye ndi maso okha. Ntchito imeneyi ndi imene ine ndinkaitcha kudina batani.

Tili pomwepa, ndinene pang'ono za ndalama zogwera pansi. A Reserve Bank of Malawi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti pa maukwati timaponda ndalama ndipo zimatha msanga, boma n'kumawononga zambiri posindikiza zina. Akunena zoona, ndipo ndaona kuti pamene DJ ndi MC akugwirizana, amatha kukumbutsa anthu mwanthabwala kuti aziponya m'beseni, anthu n'kumvera osakhumudwa. Ena tsopano amalengezanso nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti abale a ku Joni ndi a ku Lilongwe amene akuonera pa Facebook aperekeko. Kuti nambala imeneyo imveke bwino, pafunika maiki yosakokomeza komanso munthu wotsitsa nyimbo pa nthawi yake.

Tsopano za Mzuzu weniweni, chifukwa apa ndi pamene foni imagonja kotheratu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda uno uli ndi anthu oposa 220,000, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa kuti anthuwa sanachokere mudzi umodzi. Muli Atumbuka a ku Rumphi ndi Mzimba, Angoni, Atonga a ku Nkhata Bay, Angonde a ku Karonga, a ku Chitipa ndi zilankhulo zawo zambirimbiri, a ku Likoma. Onjezerani ogwira ntchito m'boma ochokera pakati ndi kummwera, asilikali a ku Moyale, ophunzira a ku Mzuni, amalonda a pa Taifa amene mtima wawo theka uli ku Kyela ndi ku Mbeya. Ukwati umodzi utha kusonkhanitsa onsewa m'holo imodzi kwa maola anayi. Mkwati wa ku Chintheche, mkwatibwi wa ku Kaporo, abwana a mkwati a ku Thyolo, anzake a mkwatibwi ana a amapiano. Aliyense wabwera ndi ndalama yake komanso khutu lake.

Foni yanu imadziwa inu. Imadziwa zimene mumamvera usiku, zimene mumabwereza, zimene mumadumpha. Sidziwa azakhali anu. Sidziwa kuti agogo aja akhala pakona atavala chitenje chatsopano sadzuka pa nyimbo ina iliyonse, koma ng'oma ya malipenga ikangolira, ndodo amaiiwala pampando. Sidziwa kuti azimayi a ku Nkhata Bay akudikira chilimika, a ku Karonga akudikira ndolo, ndi kuti amalume a ku Mzimba sangaponde pansi mwamphamvu popanda ingoma. Sidziwa kuti amayi a Umanyano akamaitanidwa pamafunika nyimbo ya uzimu imene angavine osachita manyazi pamaso pa abusa awo, ndi kuti kuno kumpoto Rose Muhando amadzutsa anthu ngati kuti ndi mwana wa pa Chibanja pompa. Mphwanga uja anasanja nyimbo 60 zabwino kwambiri, sindikana. Zonse zinali zabwino kwa iye ndi anzake a m'kalasi. Akuchikazi, amene anakwera basi usiku kuchokera kunyanja, anakhala manja ali pamiyendo pafupifupi mwambo wonse. Mmodzi mwa iwo potsanzika anangoti, "Yewo, taryako makora." Anayamika chakudya. Za kuvina sanatchule, ndipo ine ndinamva zimene sananene.

DJ wabwino wa kuno amayenda ndi dziko lonse m'laputopu mwake, ndipo amadziwa nthawi ya chilichonse. Anthu akamalowa ndi kukhala pansi amaika zoziziritsa mtima, mwina malemu Wambali Mkandawire, kuti akuluakulu amve kuti afika pamalo aulemu. Pakati pa perekani-perekani amadziwa kuti malemu Lucius Banda kapena a Giddes Chalamanda amadzutsa mwana ndi gogo nthawi imodzi, ndi kuti rhumba imatulutsa abambo a masuti amene amaoneka ngati savina. Za Namadingo, Eli Njuchi, Driemo, Yo Maps ndi Diamond Platnumz amazisungira magulu a achinyamata, ndipo amapiano olemera aja amadikira kuti abusa ndi apongozi anyamuke. Amadziwanso zoti asaimbe, ndipo izi n'zofunika kuposa zoti aimbe. Pali nyimbo zina zimene timazikonda m'ma earphone koma mawu ake sungawamvere pamodzi ndi apongozi. Palinso za chikhalidwe zofunika kufunsa kaye. Vimbuza, mwachitsanzo, ndi gule wa machiritso, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Mabanja ena amasangalala kumva ng'oma yake pa chisangalalo, ena safuna n'komwe, kaya pa zifukwa za mpingo kaya chifukwa pali wachibale amene ng'omayo imamukhudza. Munthu wodziwa amafunsa eni mwambo lisanafike tsikulo. Foni ikaikidwa pa shuffle sifunsa aliyense.

Ndiye pali magetsi ndi mvula, abale awiri amene saitanidwa koma sajomba. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuno kumpoto tili ndi kasiteshoni kakang'ono ka Wovwe ku Karonga. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko litataya pafupifupi ma megawati 130 nthawi imodzi. Amene anakwatira chaka chimenecho akhoza kukuuzani. Munthu amene zoimbira ndi ntchito yake amabwera ndi jenereta yake, mafuta atagula dzulo lake, osati kutuma mwana ndi chigubu magetsi atazima kale, makamaka zaka zino pamene mizere ya pa filling station taizolowera. Amadziwanso kuti mphamvu ya jenereta imakwera ndi kutsika, choncho amaika chotetezera kuti ampulifaya isapse. Masipika obwereka aja akapsa, komiti imene inkapulumutsa ndalama imayamba kusonkherananso kuti ibweze za eni ake, ndipo ubwenzi umathera pomwepo.

Mvula ya Mzuzu sitsata kalendala ya ku Lilongwe. Kwina kukauma, kuno imangowaza mpaka miyezi yozizira. Ikagwa pa denga la malata, mawu a ankhoswe samveka ngakhale kwa amene akhala kutsogolo. Maholo athu ambiri, a mipingo ndi a sukulu, ndi a simenti ndi malata, ndipo mawu amagunda khoma n'kubwerera. Ukangokweza voliyumu, phokoso limachuluka koma mawu osamveka. Wodziwa amafika m'mawa inu muli ku tchalitchi, n'kuyesa maiki holo ili yopanda anthu, kusuntha masipika, kuwakweza pa mitengo yake kuti mawu adutse pamwamba pa mitu ya anthu. Kulira kuja koboola m'makutu, kumene kumachitika bambo a mkwatibwi akangoti "Monire mose", si ufiti ayi. Kumabwera maiki ikayang'anizana ndi sipika, n'kumatola mawu ake omwe mobwerezabwereza. Wodziwa amaimika wolankhula pamalo oyenera, nkhani yatha. Amakhalanso ndi maiki yachiwiri, mabatire apadera, zingwe zapadera, ndi nyimbo zonse pa fulashi ina kuti laputopu ikakana pasakhale chete.

Pali chinanso chimene achinyamata sitiganizira. Nyimbo zambiri za m'mafoni mwathu zinadutsa m'magulu a WhatsApp kapena tinazitsitsa pa masamba amene amazifinya kuti zisadye bandulo. M'ma earphone zimamveka bwino. Ukaziika pa sipika yaikulu zimamveka ngati zikuimbidwa m'chitini, ina yokwera, ina yotsika, ina yoyamba ndi mawu a munthu akulengeza dzina la tsamba lake. Ndipo vidiyo ya ukwati imasunga zonsezi. Keke idyedwa, diresi ibwezedwa kumene inabwerekedwa, koma mawu a tsiku limenelo mudzawamva nthawi iliyonse mukatsegula vidiyoyo.

Ndikudziwa zimene ena mukunena pamene mwafika apa: "Akulu, mukulankhula ngati ndalama zimathyoledwa mu mtengo." Ndamva, ndipo simukulakwa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chinakwera, kuyambira mafuta ophikira mpaka suti. Zida za DJ nazo zimachokera kunja, choncho mtengo wake sungakhale wa zaka zisanu zapitazo. Koma tiyeni tiyang'ane bajeti zathu moona mtima. Timalipira magalimoto asanu oti ayende kuchokera ku tchalitchi kukajambulitsa zithunzi n'kubwerera. Timalipira nsalu zokutira mipando, zimene mlendo akakhalapo saziona n'komwe. Timasoketsa yunifolomu ya komiti. Pa zonsezi palibe chimene chimabweza ngakhale K50. Chinthu chimodzi chimene chimagwira ntchito kuyambira mlendo woyamba kulowa mpaka womaliza kutuluka, ndipo chimabweza ndalama, ndi chimene timachiika kumapeto kwa pepala n'kulembapo kuti "tiona". Chotsani galimoto imodzi pa mdipiti. Palibe amene adzawerenge.

Sindikunena kuti paliponse pamene pali keke pafunika DJ. Tsiku lobadwa la mwana, anzanu khumi pa khonde ku Katoto, kanyama kakuwotchedwa: lumikizani foni ku kasipika ka Bluetooth, musangalale, musawononge ndalama. Pamenepo nonse mumadziwana, ndipo nyimbo ikaduka mungoseka. Malire ake ndi osavuta kuwaona. Ngati pali pulogalamu yolembedwa, pali anthu olankhula, pali alendo amene simukuwadziwa mayina, pali mbali ina ya banja imene ikukuonani koyamba, foni ibwerere m'thumba.

Kutsutsa kwina kumene ndimakulemekeza kwambiri n'kwakuti ma DJ ena ndi amene amawononga maukwati. Zoona zenizeni. Ndinapitako ku ukwati wina kumene DJ anafika anthu atakhala kale, n'kuyamba kukoka zingwe pakati pa miyendo ya alendo. Tinamva pambuyo pake kuti anatenga maukwati awiri tsiku limodzi, ndipo kwinako anasiyako mnyamata wongophunzira. Mapanga awiri avumbwitsa, koma amene anavumbwa ndi eni maukwati. Ndaonapo wina amene pofika 4 koloko anali atalawa kale za m'botolo, n'kumalankhula pamwamba pa nyimbo iliyonse, kutchula dzina lake ngati kuti ukwatiwo ndi wake. Wina amakana nyimbo imene mayi a mkwati apempha chifukwa akuti ndi yachikale. Anthu oterewa ali ndi masipika, koma ntchito saidziwa. Kugula laputopu sikusandutsa munthu DJ, monga mmene kugula Sienta sikusandutsa munthu dalaivala. Choncho pamene ndikuti pezani DJ, sindikunena aliyense amene walemba "DJ" kutsogolo kwa dzina lake pa Facebook.

Ndipo pa phokoso pokha, anzanga a zoimbira, tiyeni tiuzane zoona. Ambiri mumaganiza kuti kukweza ndiye luso. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowonongeka makutu chifukwa cha phokoso la zosangalatsa, ndipo mu 2022 linatulutsa muyezo woti m'malo a zisangalalo phokoso lisamapitirire ma decibel 100. Ife pa ukwati timakhazika agogo ndi azimayi a makanda kutsogolo, pafupi ndi sipika, chifukwa ndiyo mipando yaulemu. Kenaka timadabwa akamanyamuka keke isanadulidwe. Ngati anthu awiri okhala moyandikana sangathe kulankhulana popanda kukuwa, mwakweza mopitirira. Chimodzimodzi maphwando a m'makomo ku Mchengautuwa, Masasa kapena Zolozolo, kumene nyumba zinagundana: khoma lina kuli wodwala, lina kuli mwana amene akulemba mayeso a MSCE. DJ waulemu amadziwa nthawi yotsitsa ngakhale mwini phwando ataledzera akuti kweza.

Palinso nkhawa ina imene ine ndemwe ndili nayo. Kodi ma DJ sakulanda malo a makwaya, mabandi ndi magule athu? Ndikanakhala ndi ndalama, pa ukwati wanga ndikanaitana gulu la malipenga lenileni, ndi yunifolomu zawo zoyera ndi ng'oma yaikulu, osati lojambulidwa. Palibe sipika imene ingafanane ndi fumbi lenileni. Koma ndaona kuti DJ wokhwima salimbana ndi zimenezi. Kwaya ya mpingo ikafuna kuimba, amaipatsa maiki n'kuikonzera mawu. Azimayi akayambitsa nyimbo yawo ya pakamwa polandira mtengwa, amazimitsa zake n'kudikira. Amene amaopa kukhala chete kwa mphindi zitatu kuti anthu aimbe okha ndi uja sanakhwime.

Ndisaiwale oimba eni ake. Nyimbo zimene timavina zili ndi eni, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso, limene linakonzedwanso mu 2016, komanso bungwe la COSOMA limene limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pagulu n'kugawira oimba. Munthu amene akudya kudzera m'nyimbo za anzake ayenera kukhala woyamba kulemekeza zimenezi. Kumufunsa DJ ngati ali ndi chiphaso cha COSOMA si mwano. Yankho lake, ngakhale nkhope yake yokha, lidzakuuzani ngati ntchitoyi amaitenga ngati ntchito kapena ngati ganyu ya Loweruka.

Nanga wabwinoyo mungamudziwe bwanji? Osati pa poster. Pitani mukamuone akugwira ntchito pa ukwati wa ena. Kuno maukwati a Loweruka sasowa, ndipo palibe amene angakuthamangitseni mukaima kumbuyo mphindi 30. Muone ngati maso ake ali pa anthu kapena pa foni yake. Mukakumana naye, muwerenge mafunso amene iye akukufunsani. Wodziwa amafuna kudziwa kwawo kwa mkwati ndi kwa mkwatibwi, mpingo wawo, holo yake ndi iti, anthu angati, MC ndi ndani, nyimbo yolowera ndi iti, ndipo ndi nyimbo ziti zimene simukufuna kuzimva ngakhale munthu atapempha ndi ndalama. Amene angokuuzani mtengo n'kuti "musadandaule, zonse zili bho" ndi amene muyenera kudandaula naye. Mufunseni kuti magetsi akazima achita chiyani, ndipo ngati akuti jenereta ilipo, mafuta agula ndani. Mufunseni ngati abwere ndi iyeyo kapena atuma mnyamata. Mukagwirizana, lembani: tsiku, malo, nthawi yofika, nthawi yomaliza, zida zimene abweretse, ndalama imene mwapereka ndi yotsala. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp umene nonse mwavomereza ndi wabwino kuposa "tinagwirizana pakamwa". Ndipo musamalize kulipira zonse tsiku lisanafike. Komanso inu a komiti, mbali yanu muichite: mpatseni pulogalamu nthawi ilipo, mulumikizeni ndi MC, musankhe munthu mmodzi yekha wolankhula naye. Si bwino kuti msuweni aliyense azipita kukamunong'oneza nyimbo yake. Mukumbukenso kumupatsa chakudya. Munthuyu amafika anthu onse asanafike ndipo amachoka holo itatsekedwa.

Mchemwali wanga akukwatiwa miyezi ikubwerayi, ndipo mwatsoka kapena mwamwayi andiikanso mu komiti. Pa msonkhano woyamba ku Luwinga, titafika pa mzere wa zoimbira, amalume ena anatulutsa foni yawo yatsopano n'kuiika patebulo. "Aphwanga," anatero akundiyang'ana, "si inu munatiphunzitsa kuti nyimbo zonse zili umu?" Anthu anaseka, ine ndinangoti, "Amalume, ndinalapa." Msuweni wanga uja, amene tsopano ali ndi mwana mmodzi, sanalankhule kanthu. Anangotsegula vidiyo ya ukwati wake, n'kuipititsa pa mphindi imene tonse timaidziwa, n'kukweza voliyumu. Mawu aja anamvekanso bwinobwino: "Aise, uli kuti? Ine ndili pa depoti."

Mzere wa DJ unadutsa popanda wotsutsa, ndipo galimoto imodzi inachotsedwa pa mdipiti. Loweruka likubwerali ine ndi mlamu wanga tikukaima kumbuyo kwa holo ina ku Katawa kukaonera mnyamata amene atiuza kuti amatha. Mphwanga uja tamuika ku zakumwa.